Chifunga pa Galasi la Pikapu ya Bambo

Pikapu ya bambo inali yoyera, yakale kwambiri, ndipo inali galimoto yokhayo m'midzi yonse ya kwathu, kufupi ndi Kachebere. Bambo anaigula atapuma ntchito ya udalaivala pa esiteti ina ya fodya, patapita zaka zochepa matipate atayamba. Ntchito yake inali ya matola. M'mawa inkanyamula anthu ndi katundu wawo kupita ku boma la Mchinji, madzulo n'kubwerera nawo. Banja lathu linkadalira galimoto imeneyo pa chilichonse, ndipo ine ndinafika ku koleji chifukwa cha iyo.

Inali ndi ntchito inanso imene bambo sankaikana. M'zaka zimenezo matenda aja amene anthu sankafuna kuwatchula dzina anali atalowa pafupifupi m'nyumba iliyonse. Munthu akafooka, abale ake ankabwera kudzagogoda kwathu kuti bambo amutengere kuchipatala cha ku boma. Zikavuta, bambo omwewo ndiwo ankakatenga thupi. Mlongo wanga wamkulu nayenso anakwera galimoto imeneyi ulendo wake womaliza. Anamwalira m'njira, atakhala kutsogolo pakati pa bambo ndi amayi, asanafike kuchipatala. Ine ndinali kusukulu, ndipo ndinafika tsiku loika maliro.

Msewu wochokera kwathu kupita ku boma umaloza kum'mawa. Choncho bambo ankayang'anizana ndi dzuwa popita, ndipo pobwerera ankalipezanso litatsikira kumalire a Zambia, likuwathobwa m'maso. Kwa zaka zambiri zimenezi sizinkawavuta.

Nditabwera kutchuthi m'chaka changa chachiwiri, nyengo ya dzuwa itafika, ndinakwera nawo kutsogolo. Titangotuluka m'mitengo ya m'mudzi, dzuwa linagunda galasi lakutsogolo, ndipo msewu unazimiririka. Galasi lonse linangoti mbuu ngati chifunga cha mwezi wa Juni. Bambo anachepetsa liwiro, natulutsa mutu pawindo, dzanja limodzi lili pachiwongolero.

"Bambo, mukuona chilichonse pamenepa?" ndinafunsa.

"Msewuwu ndimaudziwa," anayankha.

"Nanga anthu amene akuyenda mumsewumo?"

Anangopitiriza kuyendetsa. Kumbuyo kunali anthu odzaza, ena atakhala pa matumba a mtedza, ena atanyamula ana. Ndinazindikira pamenepo kuti galasi limenelo likapanda kuyera, tsiku lina bambo adzapha munthu, kapena adzaleka kuyendetsa galimoto. Ndipo bambo akaleka kuyendetsa, panalibe china chimene tikanadalira.

Madzulo ndinalisuzumira bwino galasilo. Pamthunzi linkaoneka ngati lakuda ndi fumbi basi. Ndinalitsuka ndi sopo, koma silinasinthe. Ndinayesa palafini, kenako mankhwala otsukira mano ndi nyuzipepala yakale, monga ndinamva kwa anzanga. Likanyowa linkawala ngati latsopano, ndipo mtima wanga unkakhala pansi. Likauma, chifunga chija chinkabwerera malo ake omwe aja.

Kukoleji ndinali nditaphunzirako za mankhwala ndi mmene amadyera zinthu, choncho ndinali ndi chikhulupiriro kuti ndipeza choyambitsa. Ndinakayikira zinthu ziwiri. Choyamba chinali mabatire. Anthu a m'mudzi ankatumiza mabatire a wailesi zawo kuti akatchajidwe ku boma, ndipo bambo ankawamangirira pamwamba pa denga la kutsogolo, pomwe asidi akanatha kudontha n'kutsikira pa galasi. Chachiwiri chinali mankhwala ophera mphukira za fodya, amene alimi ankanyamula m'mabotolo osatsekeka bwino n'kuwaika pamalo omwewo.

Ndinafotokoza zonsezi pakhonde, mwatsatanetsatane. Bambo ankagwedeza mutu pang'onopang'ono. Amayi ankasenda mtedza m'lichero, osadzutsa nkhope.

"Lisiyeni galasilo," anatero amayi. "Lakalamba basi. Chinthu chilichonse chimakalamba."

"Galasi silikalamba chonchi, amayi. Pali chimene chalidya."

Amayi ananyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Patapita masiku awiri, titatsitsa anthu ku boma, ndinaumiriza bambo kuti tipite kwa mmisiri wina wowongola magalimoto ogundidwa, amene ankadziwanso kuika magalasi. Anali munthu wamfupi, wadazi, ndipo ntchito yake anaiphunzirira ku Chipata. Malo ake ogwirira ntchito anali pansi pa mtengo wa mango, pakati pa zitseko ndi mabampala a magalimoto akufa. Bambo ankadziwana naye kuyambira kale.

"Mudala, mwabwera ndi loya lero?" anatero akundiyang'ana. "Malaya opisira chonchi pa garaja?"

"Mwana wanga uyu, wa kukoleji," anayankha bambo. "Akuti galasili ladyedwa ndi asidi."

Ndinayamba kufotokoza za mabatire ndi mankhwala a fodya. Mmisiri uja anandilola kulankhula mpaka ndinamaliza, akupukuta manja pa ovolosi.

"Mwalankhula bwino, a koleji. Tsopano tiyeni tifunse galimotoyo."

Anauza bambo kuti aitembenuze kuti iyang'ane dzuwa. Kenako anakwera pa tayala, naloza denga.

"Asidi wa batire akadontha apa, choyamba kufa ndi penti. Kenako labala uyu wogwira galasi. Kenako buluku la amene wakhala pafupi. Onani penti ili bwinobwino, labala ali bwinobwino. Ndiponso asidi wa batire galasi salidya. Kodi kusukulu kwanu kuja asidi samusunga m'mabotolo agalasi?"

Ndinachita manyazi, chifukwa zimenezo ndinkazidziwa.

"Nanga mankhwala a fodya?" ndinafunsa.

"Amenewo ndi amafuta. Mwati munapaka palafini? Akanachoka tsiku lomwelo."

Anatenga lezala watsopano, napala pang'ono pakona ya galasi, n'kuyang'ana mpeni wake. Panalibe chimene chinamatirira. Anathira viniga pa kansanza, napukuta malo ena, nadikira kuti paume. Chifunga sichinasunthe.

"Chikanakhala chinthu chomata pamwamba, ngati mchere wa madzi a pachitsime, chikanachoka ndi chimodzi mwa ziwirizi. Apa palibe chomata. Galasi lenilenilo ndilo lachoka."

Anagwira dzanja langa, natenga chala changa n'kuyendetsa chikhadabo pa galasi. Ndinamva kukhakhala, ngati ndikukanda mbale yadothi.

"Tsopano yang'anani mizereyo. Osati kutsogolo, imani cham'mbali. Mawaipa akakanda galasi, mizere yake imapita uku ndi uku ngati uta. Mankhwala akadontha, mizere imatsika pansi ngati misozi. Nanga iyi ikuyenda bwanji?"

Ndinapendeka mutu. Pa galasi lonse panali timizere tambirimbiri tozungulira, tina pamwamba pa tinzake.

"Ikuzungulira," ndinatero.

"Ngati chiyani?"

Anadziyankha yekha.

"Ngati pansi pa poto. Ili ndi dzanja la munthu, a koleji. Phulusa ndi chinkhupule. Phulusa la pamoto silisowa mchenga, mchengawo ndiwo ukukanda. Madzi a phulusawo akaumira padzuwa, amalowa m'mikandomo n'kuyeretsa galasi. Kamodzi sizingaoneke. Kawiri sizingaoneke." Anatembenukira kwa bambo, ndipo mawu ake anatsika. "Mudala, mwanyamula maliro angati pa galimoto iyi?"

"Sindiwerenga," anatero bambo.

Apa m'pamene ndinamvetsa. Kwathu galimoto ikanyamula thupi, siibwerera pamsewu isanatsukidwe. Adzukulu, anthu amene amakumba manda ndi kusamalira zonse za pamaliro, amatenga madzi osakaniza ndi phulusa ndi masamba ena, n'kutsuka galimoto yonse, monga amatsukira makasu awo. Galasi lakutsogolo amalikhula mwamphamvu kuposa pena paliponse, chifukwa amati ndiyo nkhope ya galimoto, ndipo ndiyo inaona njira ya kumanda. Bambo anali munthu wa tchalitchi, ndipo sankakhulupirira kuti pali chimene chimatsalira pa chitsulo. Koma ankadziwa kuti galimoto yosatsukidwa palibe angaikwere. Mwambowu ndinauona kuyambira ndili mwana. Sindinaganizepo kuti ungakhudzane ndi zimene ndinkawerenga m'mabuku.

Mmisiri uja anali asanamalize. Anatsegula chitseko cha kumanzere, nakhala pampando, nayendetsa chikhadabo chake mkati mwa galasi. Anaima pamalo ena, chapakati, pamene chifunga chinali chochindikala kuposa ponse, chachikulu ngati mbale yodyera.

"Apa pokha si kunja," anatero. "Apa ndi mkati. Ndipo apa si phulusa lokha. Pali mizere yotsika pansi. Wina anathira chidulo, kambirimbiri. Adzukulu akwanu amalowa ndi mkati momwe?"

"Salowa," anatero bambo.

Mmisiri anawayang'ana, kenako anayang'ana ine, natsika m'galimoto osafunsanso.

"Kodi silingapalidwe kuti lisalale?" ndinafunsa.

"Ndi chiyani? Ngakhale nditakhala ndi makina ake, ndikapala pamenepa galasi lidzapyapyala malo ena, ndipo munthu mmodzi mumsewu mudzamuona ngati awiri. Mankhwala ake ndi galasi lina basi."

"Lingapezeke?"

Anakanda dazi lake. "Galimoto iyi ndi ya nthawi ya atsamunda, mudala, musakwiye. Ndifunsa ku Chipata. Ndifunsanso ku Lilongwe. Koma musaike mtima."

Pobwerera kunyumba dzuwa linali kutsogolo kwathu. Bambo anayenda ulendo wonse mutu uli kunja, fumbi likuwalowa m'maso. Ine ndinkayang'ana malo aja a mkati, amene tsopano ankawala kuposa galasi lonse.

Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuanika mtedza. Sindinadziwe poyambira. Chidulo, madzi aja osefedwa m'phulusa amene amaphikira therere, m'nyumba mwathu ankapanga ndi iwo okha.

"Amayi, mmisiri akuti galasi lija linatsukidwa ndi mkati."

Anapitiriza kusalaza mtedza ndi dzanja kwa kanthawi.

"Mlongo wako mpweya utayamba kumuthera, anatambasula dzanja n'kugwira galasi," anatero. "Dzanja linali la thukuta. Patapita masiku, dzuwa likatuluka, ndinkaona zala zake zonse zisanu pamenepo. Ndinapukuta ndi nsalu, m'mawa mwake ndinazionanso. Ndiye ndinatenga chidulo."

"Kangati, amayi?"

"Mpaka ndinaleka kuziona."

Ndinafuna kuwauza kuti thukuta limachoka ndi sopo kamodzi kokha. M'malo mwake ndinawerama n'kuwathandiza kusalaza mtedza. Patapita nthawi anafunsa, osandiyang'ana, "Ndiye kuti ndaipha ndine galimotoyo?"

"Ayi, amayi. Akuti ndi kunja kwambiri."

Mmisiri sananene choncho, ndipo ndikukhulupirira kuti amayi anadziwa.

Ndinaganiza kuti ngakhale galasi silingachire, tikhoza kuliteteza kuti lisaipireipire. Ndinapempha bambo kuti maliro ena akachitika, auze adzukulu kuti atsuke galimoto yonse koma asiye galasi. Sitinadikire nthawi yaitali. Sabata yomweyo mphunzitsi wina wa m'mudzi woyandikana nafe anamwalira ku boma, ndipo bambo anakatenga thupi. Mwambo utatha, adzukulu anabwera ndi ndowa yawo. Adzukulu pamaliro amakhala ndi ufulu wonena chilichonse kwa aliyense, ndipo palibe amawakwiyira.

"Pepani, akuluakulu," anatero bambo, chipewa chili m'manja. "Galasi lokhali mulisiye. Likuwonongeka ndi phulusa."

Mtsogoleri wawo, munthu wamtali wamatope mpaka m'mawondo, anaika ndowa pansi.

"Mwamva anzanga? Akuti tisambitse munthu thupi lonse, nkhope tisiye. Inu mumasamba choncho kwanu, a dalaivala? N'chifukwa chake mukuoneka chonchi?"

Anzake anaseka. Ndinayesa kuthandiza bambo. Ndinafotokoza za mchenga wa m'phulusa ndi mmene umakandira.

"Uyu ndiye wa sukulu uja? Mwana iwe, ife takumba manda atatu mwezi uno, mabuku ako akumba angati?" Anatembenukira kwa bambo. "Chabwino, galimoto ndi yanu. Ife sitikakamiza. Tisiya."

Anatsuka kumbuyo, matayala ndi zitseko, galasi n'kulisiya. Ndinaona ngati tapambana.

M'mawa mwake pamalo okwererapo panali anthu ambiri monga mwa masiku onse. Bambo anaima, koma palibe anasuntha. Mayi wina wogulitsa tomato, amene ankakwera nafe pafupifupi tsiku lililonse, anayandikira pawindo.

"Bambo, musatione ngati amwano. Tamva kuti dzulo sinasambe kumaso. Ine ndili ndi mwana wakhanda kumsanaku."

"Mayi, ndinu a kwaya inu," anatero bambo.

"Ndine wa kwaya, inde. Koma mwanayu sanabatizidwe."

Tinapita ku boma ndi matumba awiri a chimanga ndi munthu mmodzi woledzera. Tsiku lachiwiri zinali chimodzimodzi. Tsiku lachitatu bambo anadzuka m'mawa, nayendetsa galimoto kupita kunyumba kwa mtsogoleri wa adzukulu uja. Ndinapita nawo. Munthuyo sananyoze ngakhale pang'ono. Anatenga phulusa pamoto wa akazi ake, nasakaniza ndi madzi ndi masamba, nakhula galasi mozungulira, mwamphamvu, pamaso pa anthu amene anasonkhana. Phokoso la mchenga pa galasi ndinkalimva m'mano. Bambo anaima pambali manja ali kumbuyo. Atamaliza, bambo anathokoza, ndipo anthu anakwera.

Mmisiri anachita zimene analonjeza. Ku Chipata kunapezeka galimoto yofanana ndi yathu, koma galasi lake linali long'aluka pakati. Ku Lilongwe anamuuza kuti magalasi a mtundu umenewo analeka kubwera kalekale. Nthawi iliyonse tikadutsa pa mtengo wa mango uja, ankangotambasula manja ali patali, ndipo bambo ankaliza hutala n'kupitirira.

Tchuthi changa chinali pafupi kutha. Bambo anayamba kunyamuka mochedwa kuti dzuwa likwere kaye, koma anthu a malonda ankadandaula kuti akufika msika utatha. Anabwerera ku nthawi yakale. Diso lawo lakumanja linafiira ndi fumbi, ndipo linkatuluka misozi nthawi zonse.

Tsiku lomaliza la galimotoyo pamsewu linali Lachisanu. Tinkabwerera kuchokera ku boma, dzuwa litatsika, galimoto itadzaza. Bambo anali atatulutsa mutu kumanja monga mwa nthawi zonse, choncho mbali ya kumanzere sankaiona. Ine ndinkayang'ana pawindo langa, ndipo ndinaona njinga ikutuluka m'kanjira ka m'munda. Woyendetsa anali mwamuna wina, pakaliyala panali mkazi wake atanyamula mtolo wa nkhuni pamiyendo. Ndinakuwa. Bambo anaponda buleki, galimoto inakhwekhwereka pa dothi, anthu kumbuyo anagwerana. Bampala inakhudza tayala lakumbuyo la njinga. Mayi uja anagwera m'udzu, nkhuni zinamwazika mumsewu.

Anadzuka yekha. Anali atasupuka chigongono basi. Mwamuna wake anayamba kukalipa, koma atazindikira kuti dalaivala ndi bambo anga, analeka. Anali munthu amene bambo anamutengerapo thupi la mchimwene wake chaka chapitacho.

"Palibe kanthu, bambo," anatero. "Simunatione."

"Sindinakuoneni," anatero bambo.

Bambo anathandiza kutola nkhuni imodziimodzi. Kenako anapempha anthu onse kuti akwere, ndipo anandiuza kuti ine nditsike ndiziyenda patsogolo pa galimoto. Ndinayenda wapansi mtunda wonse wotsala, galimoto ikunditsatira pambuyo pang'onopang'ono. Titafika, bambo anaimika galimoto pansi pa mtengo wa kuseri kwa nkhokwe, osati pabwalo pamene inkagona. Anatsegula boneti, namasula batire, nalinyamula kulowa nalo m'nyumba.

"Mawa muwauze anthu asadikire," anauza amayi.

Amayi sanafunse chifukwa.

Ndinabwerera kukoleji sabata yotsatira pa njinga ya kabaza mpaka ku boma. Panthawi imene ndikulemba izi, sindikudziwa ngati ndidzamaliza maphunziro anga. Bambo akulima fodya pa kamunda kamene kale ankabwereketsa kwa ena, ndipo msana wawo suli wa khasu. Mmisiri uja akuti akufunsabe. Odwala a kwathu tsopano amapita ku boma pa ngolo ya ng'ombe, ndipo ambiri amabwerera pa ngolo yomweyo. Ngolo ilibe galasi, adzukulu amaitsuka mosavuta.

Pamene ndinapitako komaliza, pikapu inali pa njerwa, matayala atachotsedwa kuti asaole. Bambo anaphimba galasi ndi chiguduli. Amayi anandiuza kuti anawapempha okha kuti atero, chifukwa dzuwa likamatuluka limafika pamenepo, ndipo iwo amadutsa pomwepo popita kunkhokwe.